Nsomba yatsopano ikakana kudya mu thanki ya madzi amchere

Nsomba yoyamba imene inandifera mu thanki ya madzi amchere sinafe ndi njala ayi. Chinaipha ndi chakudya chimene ndinkathira ndekha. Ndinaibweretsa madzulo, kutacha sinatuluke kuseri kwa mwala, ndipo ine mtima uli m'mwamba ndinayamba kuponyamo chilichonse chimene ndinali nacho: timibulu ta chakudya cha nsomba, shrimp (tinyama tam'madzi ta mtundu wa nkhanu) wa mufiriji, ndere zouma, kanayi kapena kasanu pa tsiku. Zonsezo zinkangotsikira pansi n'kumawola. Pofika tsiku lachinayi madzi anali atachita mbuu, amoniya, poizoni wochokera ku zinthu zowola ndi zonyansa za nsomba, atakwera, nsomba ija ili pakona ikupuma movutikira. Mpaka pano zimandipweteka, chifukwa ndikanangoisiya ikanakhalabe ndi moyo.

Kuchokera nthawi imeneyo, ndikaona nsomba yatsopano ikukana kudya sindithamangira kusintha chakudya. Ndimayamba ndafunsa kuti ikuopa chiyani. Taganizirani ulendo umene yayenda. Yakoledwa mu ukonde pakati pa makorali, tinyama tam'nyanja tomanga matanthwe, yatsekeredwa m'thumba la pulasitiki, yakhala mumdima tsiku lathunthu kapena kuposa, yadutsa m'mathanki a ogulitsa awiri kapena atatu, kenako yafika kwanu kumene madzi ndi ena, kuwala ndi kwina, ndipo pagalasi pali chinkhope chachikulu chikuisuzumira. Nyama imene ikuona kuti idyedwa nthawi ina iliyonse siiganiza za mimba. Nsomba yonenepa bwino imatha masiku angapo osadya, zambiri ngakhale sabata, popanda choipa kuichitikira. Ndiye masiku oyambirirawo ntchito yanu ndi kuichotsa mantha. Kudya kumabwera pambuyo.

Komabe theka la nkhaniyi limathera kwa wogulitsa, ndalama zisanatuluke m'thumba. Ine sindigula nsomba imene sindinaione ikudya. Ndimapempha kuti aiponyere chakudya ine ndili pomwepo, ndipo ndimayang'anitsitsa, chifukwa kutola ndi kumeza ndi zinthu ziwiri. Pali nsomba imene imathamangira chakudya, n'kuchigwira, n'kuchilavula, ndipo wogulitsa amati “mwaona, ikudya”. Imeneyo sikudya. Mukaona yameza kawiri katatu, funsani dzina la chakudyacho ndipo mugule chomwecho. Funsaninso kuti yakhala masiku angati pamalopo. Imene yafika dzulo isiyeni ikhale kaye sabata, mudzabwerenso. Muione mimba ngati yafota, koma makamaka muione pamwamba pa maso ndi kuseri kwa mutu, motsata msana. Pamenepo pakalowa ngati patsinidwa, nsombayo yayamba kale kudya mnofu wake, ndipo zotere sizichira kawirikawiri.

Ngati pali mwayi wosankha, tengani yoswedwa mu thanki. Clownfish zambiri zogulitsidwa masiku ano zimabadwira m'manja mwa anthu, ndipo timibulu zimatidziwa kuyambira zili zazing'ono. Zina zimadya tsiku lomwelo. Ngakhale yellow tang, imene kale inkangochokera kunyanja basi, inayamba kuswetsedwa mu 2015 ku Oceanic Institute ku Hawaii. Zogwidwa kunyanja zili ndi vuto lina limene maso sangaone. M'madera ena a ku Philippines ndi Indonesia asodzi ena akhala akugwira nsomba pozipopera poizoni wa cyanide kuti zikomoke. Nsomba yotero imatha kuoneka yokongola, koma m'kati chiwindi chitawonongeka, ndipo imafa patapita masabata ngakhale mwiniwake atachita zonse bwino. N'chifukwa chake wogulitsa amene amadziwa kumene nsomba zake zimachokera ndimamukakamira.

Pofika nayo kunyumba, chinthu chimene ambiri sayeza ndi mchere wa m'thumba. Pa muyeso wa mchere m'madzi, mathanki ambiri a makorali amakhala pa 1.025 kapena 1.026, koma ogulitsa ambiri amasunga nsomba m'madzi a mchere wochepa, cha m'ma 1.020 kapena kutsikirapo. Nsomba imapirira msanga mchere ukamatsika kusiyana ndi ukamakwera. Mukaichotsa pa 1.019 n'kuiponya pa 1.026 m'ola limodzi, thupi lake limagwira ntchito yaikulu yosunga madzi, ndipo chilakolako cha kudya chimathawa. Ine ndimadonthetsa kadontho ka madzi a m'thumba pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere, ndisanachite china chilichonse. Kenako thanki yaing'ono yolandirira alendo, mmene nsomba yatsopano imayamba yakhala payokha, ndimailinganiza ndi mchere umenewo, n'kumakweza pang'onopang'ono, pafupifupi 0.001 pa tsiku.

Thumba liyandame m'thanki mphindi 15 kapena 20 lili lotseka kuti kutentha kufanane. Ngati nsomba yangoyenda ola limodzi kapena awiri, mukhoza kuiika m'ndowa n'kumadonthetseramo madzi a m'thanki kwa mphindi 30 mpaka 45. Koma ngati yagona m'thumba usiku wonse pa ulendo, musachedwe nayo choncho. M'thumba lotseka pH imatsika, kutanthauza kuti asidi amachuluka m'madzi, ndipo amoniya amene wadzazamo amakhala wosaopsa kwambiri. Mukangotsegula, mpweya woipa umatuluka, pH imakwera, amoniya uja n'kuyamba kuotcha makha. Yotereyi linganizani kutentha ndi mchere, n'kuisamutsa msanga. Madzi a m'thumba atayeni, asalowe m'thanki.

Thanki yolandirira alendoyi ndimaiona kuti ndi chida chachikulu kuposa chakudya china chilichonse chodula. Siifuna zambiri: fyuluta ya siponji yomwe yagwira kale ntchito nthawi yaitali mu thanki yaikulu, chotenthetsera madzi, chivindikiro, ndi zidutswa zingapo za mapaipi a PVC zoti nsomba ibisalemo. Chivindikirocho musachiiwale, pakuti nsomba yamantha imadumpha, makamaka ma wrasse ndi ma firefish. Mbali zitatu za galasi ndimazimata mapepala akuda kuti isamaone mithunzi ikudutsa. Tsiku loyamba magetsi a thanki ndimazimitsa, chakudya sindiponya ngakhale kambewu kamodzi, ndipo ana ndimawapempha kuti asagogode galasi. Anthu amadandaula kuti nsomba ikapatsidwa pobisala siionekanso. Zimene ndaona ine n'zosiyana ndi zimenezo. Imene ikudziwa kuti phanga lake lili pafupi ndi imene imalimba mtima n'kutuluka.

Madzi muziyeza tsiku lililonse sabata yoyamba. Amoniya akhale pa 0, nitrite, poizoni wina wochokera ku amoniya, pa 0, kutentha pakati pa 24 ndi 26 digiri, pH pakati pa 8.1 ndi 8.4. Amoniya akangooneka, sinthani gawo la madzi tsiku lomwelo.

Ngati mwaiika molunjika mu thanki yaikulu, pali china choti muone: eni malo. Khalani patali, mamita awiri kapena atatu, osagwedezeka, kwa theka la ola. Mukaima pafupi nsomba zonse zimabwera kwa inu kudzapempha chakudya ndipo simuona chilichonse. Mukakhala patali m'pamene mumaona nsomba ngati damsel kapena tang wakale akuthamangitsa mlendo nthawi iliyonse akasuzumira. Nsomba yatsopano ikamakhala pakona yapamwamba, kuseri kwa pampu, zipsepse zitang'ambika, dziwani kuti ikuzunzidwa, ndipo ngakhale mubweretse chakudya chokoma bwanji siidya. Kabokosi koonekera kokhala ndi mabowo, kopachika m'kati mwa thanki, kamathandiza kwambiri. Mlendo amakhala m'menemo masiku atatu mpaka sabata, amadyera m'menemo, anzake akumuona koma osamufikira, mpaka ukali utazirala. Kalirole womata kunja kwa galasi amatangwanitsa tang wolusa ndi chithunzi chake kwa masiku angapo. Kusuntha miyala kumasokonezanso malire amene akale anadziikira. Zonsezi zikakanika, wochotsedwa akhale wovutitsayo.

Mnzake wofatsa ndiye amathandiza. Nsomba zimaonera zinzake. Ndaonapo kangapo nsomba yamanyazi ikuyang'ana clownfish akudya, tsiku loyamba, lachiwiri, kenako nayo n'kutola kamodzi ngati ikuyesa.

Tsiku lachiwiri m'pamene ndimayamba kupereka chakudya, ndipo ndimayamba ndi chomwe inkadya kwa wogulitsa. Kaperekedwe kake n'kofunika mofanana ndi chakudyacho. Ndimatenga kachidutswa kakang'ono ka mysis wa mufiriji, tinyama ta mtundu wa shrimp timene nsomba zambiri zam'nyanja zimatikonda, n'kukasungunula m'kapu ndi madzi a m'thanki. Madzi osungunukawo ndimawasefa n'kutaya. Ndimatenga tinyama tisanu kapena tisanu ndi kamodzi ndi sirinji kapena kapaipi kopopera, n'kutitulutsa pamene madzi akuchokera, kuti mafunde atitenge n'kudutsa nato pakhomo pa phanga. Pampu yaikulu yokokera madzi ku fyuluta ndimazimitsa, koma yaing'ono ndimaisiya, chifukwa chakudya choyenda chimaoneka chamoyo, pamene chogona pansi nsomba zambiri sizichiona ngati chakudya. Ndikatero ndimabwerera m'mbuyo. Pakatha mphindi 10, chotsala ndimachikoka ndi kapaipi. Kawiri kapena katatu pa tsiku, nthawi yomweyo, pamalo omwewo. Nsomba zimazolowera nthawi msanga kuposa m'mene anthu amaganizira.

Pakadutsa masiku atatu osatola, ndimabweretsa chamoyo. Brine shrimp, kashrimp kakang'ono ka m'madzi amchere, wamoyo akamanjenjemera m'madzi, nsomba zochepa zimatha kudzigwira. Mazira ake amagulitsidwa ouma, ndipo mukawaika m'botolo la madzi amchere ofunda lokhala ndi mpweya wopopa, amaswa pakatha pafupifupi maola 24. Ongoswa kumenewo ndi abwino kwa nsomba za kamwa kakang'ono. Brine shrimp wamkulu alibe zakudya zokwanira m'thupi mwake, ndiye muzimutenga ngati kiyi wotsegulira kamwa basi. Nsomba yongodya yekhayo imaonda ikudya. Tinyongolotsi takuda ta m'madzi opanda mchere, totchedwa blackworms, timagwiranso ntchito kwambiri, koma timafa msanga m'madzi amchere, choncho ponyani tiwiri titatu nthawi imodzi pamene nsomba ikuona.

Kupitirira apa, kamwa la nsomba ndi limene limakuuzani zochita. Liyang'aneni bwino, ndipo mudziwe mmene mtunduwo umadyera kunyanja.

Tang ndi rabbitfish zimakhalira kubudula ndere pamiyala tsiku lonse. Zipatseni nori, ndere zouma zija zokhala ngati pepala, zopanda mchere wothira, mafuta kapena zokometsera. Kachipangizo kopanira nori pagalasi tang watsopano amakaopa, ndiye ine ndimakulunga nori pa kamwala, n'kumanga ndi labala, n'kukaika pafupi ndi phanga lake. Amabwera ngati akubudula mwala wamba. Zikatha maola angapo osadyedwa, chotsani muike zina.

Anthias ndi ma chromis amadyera m'kati mwa madzi, kutola tinthu tating'ono tobwera ndi mafunde. Amafuna tochepa koma kawirikawiri, kanayi kapena kasanu pa tsiku, ndipo anthias sapirira njala nthawi yaitali ngati nsomba zina, choncho kwa iwo chamoyo ndimachibweretsa msanga. Mysis akakula kwambiri, ndimamudula ndi mpeni akadali wouma. Lionfish nthawi zambiri amayamba ndi shrimp wamoyo, kenako mumamuzoloweza kachidutswa ka nsomba yam'nyanja kobayidwa pa kamtengo koonekera, mukumakagwedeza pang'ono. Musamuzoloweze goldfish, pakuti mafuta ake ndi osayenera ndipo ali ndi chinthu chimene chimawononga vitamini B1 m'thupi. Ma wrasse ogona mumchenga, monga leopard wrasse, amatha kudzikwirira masiku angapo atangofika. Musawafukule. Mukafukula, mantha amayambiranso pachiyambi. Mu thanki yolandirira alendo aikireni kambale ka mchenga wosalala.

Mandarin ndiye ndimamumvera chisoni kwambiri, chifukwa kukongola kwake kumamugulitsa kwa anthu amene thanki yawo sinakonzeke. Amadya ma copepod, tizilombo tating'onoting'ono tokhala pamiyala, ndipo amatola kamodzikamodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Thanki yatsopano ilibe tokwanira. Unikani pagalasi la thanki ndi tochi usiku. Ngati simukuona timadontho toyera tikuyendayenda, mandarin adikire kaye miyezi ina. Moorish idol ndi cleaner wrasse ndimalangiza anthu ongoyamba kumene kuti azisiye ndithu.

Imene inandiphunzitsa kudekha ndi copperband butterflyfish, ya mizere yofiirira ija ya mlomo wautali ngati kapani. Kwa wogulitsa inatola mysis kawiri, koma itafika kwanga inatseka pakamwa. Tsiku lachitatu, lachisanu, lachisanu ndi chiwiri, mysis ankadutsa pamphuno pake iyo n'kungotembenuka. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Madzulo aliwonse inkayendera kamwala kamodzi kamene ndinaikamo, mutu pansi, ikulowetsa mlomo m'timabowo. Njala inali nayo. Chimene sinkadziwa n'chakuti chinthu choyandama chingadyedwe, chifukwa kunyanja imasolola tinyongolotsi m'ming'alu. Ndinagula clam yaiwisi, nkhono yam'nyanja ya zigoba ziwiri, ndinaisunga mufiriji yozizira kwambiri masiku angapo, kenako ndinaitsegula, n'kutsuka, n'kuchekacheka mnofu ndi mpeni uli pachigoba pomwepo kuti uzithothoka mosavuta. Ndinaika chigobacho pansi pafupi ndi kamwala kaja n'kukakhala pampando kutali. Tsiku loyamba kuiika inangozungulira, ndipo patatha maola awiri ndinachotsa. Tsiku lachisanu ndi chinayi inaima pamwamba pa chigoba, zipsepse zikupupa pang'onopang'ono, inapendeka n'kuyang'ana ndi diso limodzi, kenako inajompha. Inabwerera m'mbuyo, kanyama koyera kali lende kumlomo, n'kumeza. Ndinakhala chete osapuma n'komwe mpaka itajompha kachisanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ndinawavomereza.

Za adyo anthu amafunsa kawirikawiri. Ambiri amaviika chakudya m'madzi a adyo ponena kuti fungo limakopa nsomba. Ine ndinayesapo, nthawi zina nsomba inadya, nthawi zina ayi, ndipo sindimudalira. Kadontho kamodzi kwa masiku ochepa sindikaletsa, koma asakunamizeni kuti adyo amachiza matenda. Chimene ndimachiona chaphindu ndi kuviika chakudya m'mavitamini ndi mafuta a nsomba, monga Selcon, makamaka pamene nsomba ikudya tochepa ndipo kalikonse kolowa m'mimba kayenera kukhala ndi mphamvu.

Pali nthawi imene kudikira kumapha, ndipo muyenera kuizindikira. Nsomba yamantha imabisala koma maso ali gwa, ikupuma modekha, ikutsatira chakudya ndi diso. Yodwala imapuma mofulumira, makha akuphethira, imadzikhula pamiyala, imaima kutsogolo kwa pampu kufuna madzi othamanga, kapena imathawa kuwala. Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pazipsepse nthawi zambiri ndi Cryptocaryon, amene ambiri amangoti ich. Thupi likaoneka ngati lawazidwa fumbi ndipo nsomba ikubanika, ganizirani za velvet, matenda a Amyloodinium, amene amatha kupha m'masiku awiri okha. Clownfish akamasupuka mamina oyera pakhungu, kawirikawiri ndi Brooklynella. Pa zimenezi musadikire kuti idye kaye. Yambani mankhwala mu thanki yapadera tsiku lomwelo. Ndowe zoyera zazitali ngati ulusi, pamodzi ndi kuonda kapena kulavula chakudya, zimaloza ku tizilombo ta m'matumbo, ndipo mankhwala odziwika ndi praziquantel ndi metronidazole. Praziquantel amaphanso tizilombo tomata pamakha, timene timachititsa nsomba kugwedeza mutu ndi kukana kudya popanda chizindikiro china chooneka.

Mankhwala a kopa (mkuwa) amachiza ich ndi velvet, koma amachepetsa chilakolako cha kudya, ndipo amapha makorali, nkhono ndi shrimp, choncho asayandikire thanki yaikulu. Ngati nsomba ilibe chizindikiro cha matenda ndipo mukungofuna kuiteteza, ine ndimadikira idye bwino masiku angapo ndisanayambe, kenako ndimakweza mlingo pang'onopang'ono ndikuyeza ndi chipangizo, osati mongoganiza.

Ikayamba kudya, musafulumire kusintha. Chimene yalandira ipatseni chomwecho sabata yathunthu kapena ziwiri mpaka mimba itadzaza, kenako muyambe kusakaniza: magawo atatu a chozolowereka, gawo limodzi la chatsopano, m'kapu imodzi kuti fungo lilowerane. Timibulu tiviikeni kaye tifewe. Copperband wanga uja anadya clam yokha masiku khumi. Kenako ndinayamba kupaka mysis m'chigoba chopanda kanthu, n'kuchibwezera mufiriji kuti agwirane, n'kuchiika pamalo omwe aja. Tinyama tina tinkathothoka n'kuyandama, iye n'kumatithamangira. Patatha pafupifupi mwezi anali akutola mysis m'madzi ngati nsomba ina iliyonse. Ndinamusunga mu thanki yaing'ono masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lomusamutsira mu thanki yaikulu ndinamuika m'kabokosi koonekera kaja pamodzi ndi chigoba chake.